Tsiku Limene Nachisale Anakana Kutuluka

Ana inu, kuseri kwa mapiri a ku Dedza kuli mudzi wotchedwa Kaphande. Ndinakhalako dzinja limodzi kalekale, ndikukhoma zidebe ndi kumata mapoto obooka, miyendo isanandinyamulenso. Masiku amenewo tchalitchi cha kumeneko chinali cha zidina, chofolera ndi udzu, ndipo belu lake linali chitsulo cha gudumu la galimoto chopachika pa mtengo wa mbawa. Pano akuti anamanga cha malata, koma ine ndimakumbuka chakalecho. Nkhani iyi ndinaimva kumeneko, ndipo eni mudzi amalumbira kuti mwambi wina womwe mumamva akulu akunena unabadwira pakhomo pa tchalitchi chawocho.

Mwana akafuna kubatizidwa ankalowa kalasi zaka ziwiri, kuloweza katekisimu, funso ndi yankho lake. Akamaliza chigawo chilichonse ankayesedwa. Mwambo wa mpingowo unali wakuti ana azilowa mmodzimmodzi m'kachipinda ka kuseri kwa guwa, chitseko n'kutseka, enawo n'kudikira panja, kuopa kuti wina angamve mayankho a mnzake n'kubera. Abusa ankabwera pa njinga kamodzi pamwezi, choncho kalasi yonse inali m'manja mwa mkulu wa mpingo, a Mangulenje. Kiyi wa kachipindako ankayenda naye m'thumba la jekete. Khadi la mwana aliyense ankasayina ndi iwo, ndipo popanda dzanja lawo panalibe ubatizo.

A Mangulenje anali munthu wotamandika. Akayamba kupemphera pamaliro, ngakhale oledzera ankavula zipewa. Makolo ankanyadira kuti ana awo akuphunzitsidwa ndi munthu wotere.

M'kalasimo munali mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu, dzina lake Fanesi. Katekisimu anali m'mutu mwake ngati nyimbo. Koma atatsala ndi mayeso amodzi okha, Fanesi anayamba kukana kupita kukalasi. Lero mutu, mawa m'mimba. Mayi ake anapsa mtima, poti chitenje cha tsiku la ubatizo anali atagula kale, namuuza kuti Loweruka likudzali akalowa m'kachipindamo ngakhale pomukoka.

M'mudzimo munalinso mayi wina wamasiye, Nachisale, amene ankazira pansi pa tchalitchi sabata iliyonse. Anali wamfupi, wa mapazi ong'alukang'aluka, ndipo pakamwa pake anthu ankapaopa. Mwana wamkazi analibe. Lachiwiri lina atapita kudambo kukakumba dothi lozirira, anapeza Fanesi atakhala pa chulu, mtsuko uli pambali wopanda madzi. Anamuseka kuti kodi akudikira kuti chitsime chimutsate pomwepo. Mtsikanayo sanaseke. Nachisale anatula khasu, nakhala pansi pambali pake mpaka Fanesi anayamba yekha kuyankhula.

Anati a Mangulenje akatseka chitseko safunsa za katekisimu zokha. Amamukhazika pafupi, n'kumamugwira malo amene munthu sayenera kugwira mwana, n'kumati akumupempherera kuti achotse manyazi. Anamuuzanso kuti zonenedwa m'kachipindamo ndi za Mulungu, ndipo wozitulutsa kunja sadzabatizidwa.

"Ndimadzifunsa kuti kodi pemphero limakhala chonchi," anatero Fanesi, "koma ndimakhala ndekha, ndiye ndifunse ndani?"

Nachisale anamuyankha kuti limenelo si pemphero, ndipo wolakwa si iye ngakhale pang'ono. Anamulonjeza kuti sadzalowamonso yekha. Kenaka anamuthandiza kutunga madzi, namuperekeza mpaka pakhomo pa amayi ake. Koma mayiwo atamva, anagwira pakamwa n'kunena kuti mwanayu akufuna kuwachititsa manyazi m'mudzi, ndipo nkhaniyi ithere pomwepo.

Sinathere pomwepo. Lachinayi akulu a mpingo atakhala bwalo lawo, Nachisale analowa wosaitanidwa, nagwada mwaulemu pakhomo, n'kufotokoza zonse. A Mangulenje anangopukusa mutu mwachisoni, nati Satana sagona, ndipo mwana akaopa mayeso amapeka chilichonse. Mlembi wa mpingo, a Dzoole, munthu wofatsa wokonda kuchita zinthu mwa buku, anatsegula Baibulo nakumbutsa bwalo kuti mlandu wa mkulu sulandiridwa popanda mboni ziwiri kapena zitatu. Apa mboni inali imodzi, komanso mwana.

"Zikomo, abambo," anatero Nachisale. "Mukufuna mboni ziwiri, koma lamulo lanu lomwe ndi limene limatseka chitseko kuti mboni izikhala imodzi. Yachiwiriyo idzalowera pati, padenga? Basi, Loweruka mboni yachiwiri ndine."

Akuluwo anayang'anana. Wina anati mayi salowa m'chipinda cha mayeso chikhalire. A Dzoole anamuchenjeza kuti akasokoneza mayeso adzadulidwa mumpingo, ndipo duku loyera la amayi adzalivula. Nachisale anali atavala dukulo zaka makumi awiri, ndipo n'limene ankafuna kuti adzamuveke pa tsiku la maliro ake. Anaombera m'manja, nadzuka, n'kutuluka.

Loweruka m'mawa ana anasonkhana pansi pa mbawa, makadi ali m'manja. Makolo ena anabweranso, poti mphekesera inali itayenda kale m'zitsime ndi pa mitondo. A Dzoole anabwera kudzaona kuti mwambo usasokonezeke. A Mangulenje anatsegula kachipinda kaja, naitana dzina loyamba. Dala, anayambira Fanesi.

Mtsikanayo anaimirira. Nachisale anadzuka naye pamodzi, kampasa kake kali m'khwapa, namugwira dzanja. Analowa onse awiri, Nachisale n'kuyala kampasako pakhomo penipeni, n'kukhala pansi miyendo ili tambalale, mwakuti chitseko sichikanatheka kutsekeka.

A Mangulenje anayamba ndi mawu ofewa, akuti mayi, musadzivute, pumulani panja. Nachisale anati wapumula kale, apa ndi pabwino. Mkuluyo anakweza mawu, namuuza kuti akunyoza nyumba ya Mulungu. Iye anati pansi pa nyumba imeneyi amazira ndi manja ake, ndiye kukhalapo pang'ono sikungakhale kunyoza. A Mangulenje anamuuza kuti amva mayankho n'kukaululira ana ena.

"Ine katekisimu ndinaiwala kale, abambo," anatero Nachisale. "Funsani mwanayu. Ndikhala chete ngati mtondo."

Panja ena anaseka, koma a Mangulenje sanaseke. Anatseka buku nati mayeso sachitika mpaka mayiyu atachoka, ndipo ana onse akalephera kubatizidwa chaka chino adziwe wowalepheretsa. Makolo anayamba kung'ung'udza. Bambo wina anakuwa kuti Nachisale atuluke, asawonongere ana a eni ake. Mayi a Fanesi anaphimba nkhope ndi chitenje.

Nachisale sanasunthe. Zaka zonse zija anali asanalowemo m'kachipindako, tsono maso ake ankayendayenda. Anaona kuti zenera linakhomeredwa chiguduli. Kenaka anakweza maso kuseri kwa chitseko, naona timitengo tiwiri tokhomedwa kukhoma, pamwamba kwambiri, ndi mpiringidzo wosalala utatsamira pakona. Anadzuka, nautenga, n'kuutulutsira pa kuwala kuti onse auone.

"Fanesi, mwanawe, ichi n'chiyani?"

Mtsikanayo anayang'ana a Mangulenje, kenaka anayang'ana mayi amene anaima pambali pake. Anayankha ndi mawu omveka mpaka pansi pa mbawa, kuti ndi mtengo umene amapiringidzira chitseko m'kati iye akalowa, ndipo amauika pamwamba poti iye safikira.

A Mangulenje anati mpiringidzowo ndi woletsa mphepo. Nachisale anafunsa anthuwo ngati alipo amene anaonapo mphepo yofuna kupiringidziridwa pamwamba poti mwana safikira. Ndiye mtsikana wina wamkulupo, Elube, amene anabatizidwa chaka chapitacho ndipo kuyambira pamenepo anasiya kuimba kwaya, anaimirira pakati pa anthuwo nati nayenso mtengowo akuudziwa. Mayi ake anamukoka chitenje kuti akhale pansi. Iye anakana, nanena zonse, misozi ili chuchuchu.

A Dzoole anavula magalasi awo, nawapukuta nthawi yaitali. Kenaka anatambasula dzanja napempha kiyi kwa a Mangulenje. Anati mboni zakwana.

Tsiku lomwelo anatumiza uthenga kwa abusa, ndipo Lolemba makolo a atsikana awiriwo, atakhulupirira tsopano ana awo, anapita kupolisi, Nachisale ali patsogolo. Ena ankafuna kuti nkhani ikambidwe mwachinsinsi kuti dzina la mpingo lisade, koma iye anati dzina silimva kuwawa, amene amamva kuwawa ndi mwana. A Mangulenje anachotsedwa paukulu, ndipo mlandu wawo unaweruzidwa kukhoti. Fanesi anayesedwa ndi abusa pabwalo, amayi awiri atakhala pambali, ndipo sanaphonye funso ngakhale limodzi.

Musaganize kuti Nachisale anamuimbira nthungululu. Bwalo linamudulabe miyezi iwiri, akuti chifukwa cha kusamvera. Miyezi imeneyo ankakhala pa benchi ya kumbuyo atavala duku la maluwa ofiira, akuimba mokweza kuposa aliyense. Koma chitseko cha kachipinda kaja anachizula, ndipo anaika lamulo lakuti pasapezeke munthu wamkulu, kaya mphunzitsi, kaya mkulu wa mpingo, kaya abusa amene, wodzitsekera yekha ndi mwana.

Kuyambira pamenepo anthu a ku Kaphande anayamba kunena kuti, "Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri."

Tanthauzo lake ndi ili. Munthu ukakhala wekha, choipa chimatha kukupeza n'kudzitcha dzina labwino, iwe n'kusowa wofunsa. Mukakhala awiri, wina amaloza, wina amayankha, ndipo bodza limasowa pokhala. Tsono wamkulu aliyense akakuuzani kuti bwera wekha, kapena kuti izi usauze munthu, ngakhale atanyamula Baibulo lalikulu bwanji, musapite nokha. Akakuchitani zimene mtima wanu ukukana, kanani, ndipo kauzeni wamkulu amene mumamukhulupirira. Woyambayo akagwira pakamwa, pitani kwa wachiwiri, kenaka wachitatu, kufikira mutapeza wokhala nanu pakhomo amene sangatuluke ngakhale atamukalipira.