Chitsime cha Kumwezi Chikusowa Dzina

Kalekale, anthu akupita kumwezi ngati ku Joni, kunali Lufeyo Gondoloza. Ankayenda chonchi, taonani: phazi m'mwamba, njoo! Kudikira kaye. Kenako pansi, fwaa! Ngakhale popita kuchimbudzi. "Pepanitu abale," amvekere mphuno ili m'mwamba, "dziko lanuli likundilemera."

Koma ukatswiri wokha anali nawo. Anakwera chombo katatu, ndipo ulendo womaliza anakumba nthaka ya kumwezi mpaka anapeza madzi oundana. Chitsime choyamba kumwezi! Atakalamba, akuluakulu a zombo anamuuza kuti: "Tchulani munthu mmodzi amene anakufikitsani kumeneko, chitsimecho chitenge dzina lake mpaka muyaya."

Mmodzi yekha! Pakhomo panavuta.

Malume ake, a Faifi okumba zitsime, anadzuka ndi ndodo yawo, gwedegwede. "Mphwanga, ndani ankakutsitsa m'dzenje pachingwe uli ndi mamina? Mdima unasiya kuuopa chifukwa cha ine. Kagwiridwe ka khasu kaja unakaonetsa kumwezi n'kanga!"

Mlongo wake Esinati anamanga chitenje m'chiuno mpaka kupuma kunavuta. "Achimwene, wailesi italengeza kuti chombo chasowa, anthu anafika pano ndi nkhuni za maliro. Anawapirikitsa ndi tsache ndani? Ana anu analera ndani? Munda wanu unkalimidwa ndi mwezi?"

Mng'ono wake Yotamu anangokhala pamtondo, tsinya lili gwa. Zake aliyense ankazidziwa. Tsiku lonyamuka koyamba, Lufeyo anagwidwa ndi mantha n'kukabisala m'nkhokwe. Yotamu ndiye anamukoka miyendo, kumumangirira panjinga ngati mbuzi ya kumsika, n'kupalasa mpaka pabasi.

"Mng'ono wanga," anatero Lufeyo, misozi ili mbwembwembwe, "chikondi chako chija sindinachiiwale."

Yotamu anadzambatuka, mtondo uko gubudu!

"Chikondi chanji? Ine ndinali nditatopa nanu! Amayi akadzuka, Lufeyo. Akamadya, Lufeyo. Ndinkati mupite kutali, mwina osabwerako, kuti nanenso andione. Ndiye taonani kupusa kwanga: ndinakakuikani pamwamba penipeni, pamene amayi ankangoyang'ana khosi lili chagada mpaka tsiku lomwalira!"

Ngakhale nkhuku zinaleka kutola.

Tsono inu mwakhala apanu, musangoseka. Chitsime chija chitenge dzina la ndani: a Faifi amene anamupatsa luso, Esinati amene anamusungira khomo, kapena Yotamu, amene nsanje yake ndiyo inamukweza chombo?