Nangozo ndi Timakomo ta M'khungu

Kalekale, ndowa zachitsulo zisanafike kuno, kunali mayi wina woumba mbiya, dzina lake Nangozo. Ankaumba mitsuko, ankaumba miphika, ankaumba mikhate yosambiramo. Mwamuna wake anali Kachingwe, ndipo anali ndi mwana wakhanda, Tiyanjane. Pakhomo pawo panali mtendere.

Chimodzi chokha chinkamusowetsa mtendere Nangozo, ndicho moto. Akamawotcha mbiya, moto unkamunyambita zala. Lero thuza, mawa thuza. "Mayo ine!" Ankatero, uku akuuzira chala.

Tsiku lina atakhala kuseri kwa nyumba, anaona mbalame ija timati pumbwa itatera pa tsabola wake wa kambuzi. Inajompha mmodzi, kwiti! Inajompha wina, kwiti! Osatsokomola, osagwetsa ndi msozi womwe.

"Iwe Pumbwa," anatero Nangozo, "kambuzi ameneyo ine ndikangomulawa, lilime limayaka. Iwe sakuwawa?"

"Sandiwawa, mayi."

"Chifukwa chiyani?"

Pumbwa anapukuta mlomo pa nthambi, nati, "M'khungu mwanu ndi pa lilime panu muli timakomo. N'ting'onoting'ono, diso silingatione. Moto ukayandikira, timakomoto timatseguka. Mthenga amalowa, mawu amathamangira kumutu: kwatentha kuno, chotsa dzanja! Tsabola naye amadziwa kugogoda pa timakomo tanu. Pa tanga akagogoda, sitimuyankha."

Nangozo anawomba m'manja. "Ndiye unditsekere tanga, tonse! Moto usamandiwawenso."

"Tanga timatsegukira moto, mayi. Ndi tsabola yekha amene sitimumvera."

"Ine ndati tonse."

"Mwaganiza bwino?"

"Ndaganiza."

Pumbwa anathothola nthenga imodzi. Anamusisita nayo m'manja, anamusisita nayo kumapazi, anamusisita nayo pa lilime. Timakomo tonse tinatsekeka, phaa!

M'mawa mwake Nangozo anawotcha mbiya. Zitapsa, sanafune timitengo tophulira. Anapisa manja m'makala, natulutsa mtsuko uli psuu. Anatulutsa wina. Anatulutsa winanso. Anthu anasonkhana, pakamwa pali yasa.

"Anangozo, simukupsa?"

"Moto ndi mnzanga tsopano," anayankha akuseka.

Masana anathira kambuzi wodzaza dzanja m'ndiwo. Kachingwe atalawa, anathamangira kumtsuko wa madzi. Nangozo anangodya, nanyambita zala.

Masiku oyambawo anali okoma. Ntchito inkatha msanga, nyimbo ili pakamwa.

Koma manja anayamba kusupuka. Iye osamva. Matuza anaphulika nasanduka zilonda. Iye osamva.

Tsiku lina akucheza pabwalo, Kachingwe ananunkhiza uku ndi uku. "Amayi a Tiyanjane, mwaika nyama pamoto?"

"Nyama yochokera kuti?"

"Nanga chikupsererachi n'chiyani?"

Atayang'ana pansi, anaona kuti Nangozo waponda khala lamoto, ndipo chidendene chikufuka utsi. Kachingwe anamukoka, namuthira madzi.

"Bwererani kwa mbalame ija," anatero. "Mukutha ndikuona."

"Kachilonda aka? Kapola," anatero Nangozo. Anamanga kansalu, nabwerera ku dongo lake.

Kenaka linafika tsiku losaiwalika. Nangozo anateleka madzi osambitsa mwana. Anawathira mumkhate, napisa dzanja monga amachitira mayi aliyense. Sanamve kanthu. "Ali bwino," anatero. Anamuvula Tiyanjane, namunyamula, nayamba kumutsitsira m'madzimo.

Kachingwe ankachokera kumunda, khasu lili paphewa. Anaona nthunzi ikukwera mumkhate. Anataya khasu.

"Imani! Mwanayo!"

Anamulanda mwana, kaphazi katatsala pang'ono kukhudza madzi. Kenaka anatola tsamba la dzungu, naliponya mumkhatemo. Tsamba linafota pomwepo.

Nangozo anayang'ana tsamba. Anayang'ana kaphazi ka mwana wake. Anakhala pansi.

"Ndikanamuphika ndi manja angawa," ananong'ona.

Sanadikire kuti wina amuuzenso. Anatsimphina mpaka kuseri kwa nyumba, nagwada pa tsabola paja, nayamba kuyimba:

Pumbwa, Pumbwa, nditsegulire,
Ndinatseka ndekha, nditsegulire.
Moto ukabwera undiuze,
Mwana wanga ndimulere.

Pumbwa anatera pa nthambi. "Mayi, nthenga yanga imadziwa kutseka, kutsegula siidziwa."

"Ndiye nditani?"

"Khomo lotseka amagogoda. Pano wodziwa kugogoda ndi tsabola. M'mawa uliwonse ikani kambuzi mmodzi pa lilime. Koma kufikira atayankhidwa, moto musauyandikire, ndipo mwana azimusambitsa bambo ake."

Nangozo anachita zomwezo. Kutacha, kambuzi pa lilime. Zii. Kutachanso, kambuzi pa lilime. Zii. Kachingwe ankaphika, ankasambitsa mwana, ankatsuka zilonda za mkazi wake. Anzake ankamuseka pomuona akupita kumadzi ndi mtsuko, iye ankangoti, "Sekani, mwana wanga ali moyo."

Zilonda zinauma. Chidendene chinapola. Koma lilime linali zii.

M'mawa wina Nangozo anatafuna kambuzi mwachizolowezi, uku akuyamwitsa. Anamva kanthu kakang'ono kunsonga kwa lilime, ngati kulumidwa ndi nyerere. Anasiya kutafuna. Kanthu kaja kanakula, kanakula, m'kamwa monse munayaka. Misozi inatsika, mamina anatsika.

"Abambo a Tiyanjane! Akuwawa! Tsabola akuwawa!"

Kachingwe anabwera akuthamanga ndi chikho cha madzi. Nangozo anakana. "Dikirani pang'ono, ndimumve kaye."

Ankalira, ankaseka, zonse nthawi imodzi. Oyandikana nawo anatuluka kudzaona, napeza munthu akuvina chifukwa tsabola wamuwawa.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, Nangozo anateleka madzi yekha. Anapisa chigongono, nachichotsa msanga. Anathira ozizira. Anapisanso. "Tsopano ali bwino," anatero, ndipo nthawi imeneyi ankadziwa chimene ankanena.

Nangozo anaumba mbiya mpaka kukalamba, ndipo Tiyanjane anakula wopanda chipsera.

Mwanawe, timakomo timeneti nawenso uli nato. Anthu a kuchipatala amati mthenga wolowa pamenepo ndi kashiamu, yemwe uja amalimbitsanso mafupa. Ine ndimangoti ululu ndi mlonda. Mawu ake sakoma, koma akakuwa, ndiye kuti wakuonera ngozi. Usamutukwane, umumvere.

Ndiye leka kulira. Chala chako chapsacho chikuwawa chifukwa thupi lako lili maso. Bwera nacho kuno tichiviike m'madzi ozizira.

Nthano yanga ndaitula pomwepa.