Galimoto Inafika pa Nthawi Yake

Mumzinda wina munali kalipentala, bambo wofedwa mkazi, yemwe anali ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana dzina lake Mwandida. M'mawa uliwonse ankamunyamula pa njinga kupita naye kusukulu. Mwanayo anali wamwambo. Pamaso pa bambo ake ankagwada, maso pansi, mawu awiri basi. Koma akangokhala pa kaliyala, atagwira malaya a bambo ake, pakamwa pankatseguka. Zonse ankauza msana: amene wamumenya, zomwe walota, pomwe pakumupweteka. Bamboyo ankamudziwira pa njinga mwana wake.

Kenaka mumzindamo munafika galimoto zopanda dalaivala, zodziyendera zokha. Kholo linkangolembetsa dzina la sukulu, galimoto n'kumabwera pakhomo, mwana n'kukwera, chitseko n'kudzitseka. Anayamba ndi a nyumba ya pakona. Posakhalitsa mzere wonse wa nyumba unali utalembetsa, nanga ndani amafuna kuoneka wotsalira? Anatsala kalipentala yekha ndi njinga yake ya tcheni cholira.

Anzake sanamutukwane ayi. Ankamuseka mwaubale, kuseka kumene kumalasa kwambiri. "Achimwene, mwanayu mukumudyetseranji fumbi? Ndiye kuti tonsefe ndife opusa?" Kutchalitchi zomwezo, pabawo zomwezo. Galimotozo zinalidi zabwino. Sizinkaledzera, sizinkathamanga. Mtima wake unkakana, koma chifukwa chake sankatha kuchifotokoza pagulu. Mapeto ake analembetsa, njinga n'kuitsamiritsa pambali pa nyumba. Anzake anamugwira chanza ngati wakhoza mayeso.

Tsiku lina m'mawa, nthawi ya dzinja udzudzu utachuluka, Mwandida anatuluka mochedwa, phala osalimaliza. Galimoto inali itaima kale pakhomo. Anagwada nanena chapansipansi, "Ababa, lero munditenge pa njinga."

"Bwanji, mama?"

Mwanayo anangoyang'ana pansi. Maso ndi maso sakanatha kunena.

Bamboyo anatembenukira kunjinga kuja, ndithu anatembenuka. Koma anaona anzake ataima m'mageti mwawo akukweza ana awo, wina n'kumubayibitsa. Anaganiza za kuseka kwa madzulo pabawo, manyazi n'kumugwira. "Kwera, uchedwa. Njinga mawa." Mwanayo anakwera osatsutsa, ndipo chitseko chinadzitseka.

Galimoto sinalakwe kanthu. Inadutsa pageti ya chipatala osaima, poti inauzidwa za sukulu. Inayenda ulendo wake wonse mwaulemu, n'kufika pa nthawi yake. Chitseko chinatseguka, koma palibe anatsika. Mphunzitsi atasuzumira anapeza mwana atagwera pampando, thupi lili moto, atakomoka. Anali malungo aakulu, aja okwera kumutu. Madokotala anayesetsa, koma tsiku lotsatira Mwandida anatisiya.

Abale anga, zimandiwawa kunena izi. Pa njinga, bamboyo akanamva chipumi chotentha chitatsamira pamsana asanafike n'komwe pamsewu waukulu. Akanamva timanja tikulefuka. Akanamva mawu akuti, "Ababa, mutu." Iye ankadziwa zimenezi, ndipo palibe akanamuuza zina.

Anzake aja anabwera pamaliro. Sanali anthu oipa. Anagona pasiwa, ananyamula bokosi, anati, "Limbani mtima, achimwene." Mwambo utatha aliyense anabwerera kwake, kumene ana ake anali kumudikira. Kalipentala analowa m'nyumba yekha.

Musapite kunyumba mukunena kuti abusa adana ndi galimoto. Kwa ana ena galimotoyo inali dalitso. Nkhani yagona apa: mwana uja Mulungu sanamupereke kwa mzere wa nyumba, anamupereka kwa munthu mmodzi, ndipo anamupatsanso njira yomumvera. Munthuyo anaisiya njirayo, osati poti anapeza yabwino koposa, koma poopa kusekedwa. Anthu adzakuthandizani kusankha, ndipo adzatero ndi mtima wabwino. Koma zotsatira zake sasenza nanu. Mwana wanu akagwada n'kupempha chinthu chomwe sakutha kuchifotokoza, musayambe mwayang'ana kumageti a anzanu. Tsiku limene Mulungu adzafunse kuti, "Mwana ndinakusungitsa uja ali kuti?" sadzafunsa mzere wonse. Adzatchula dzina lanu.