Nkhungu za a Kapitawo

Sitima ya Kapitawo Mkwezalamba inkafuka utsi wakuda bii. Anthu apadoko akadandaula za chifuwa, iye ankati, "Si utsi umenewo, ndi nkhungu zapanyanja!"

Tsiku lina anaopseza Nasibeko, wogulitsa zakudya padokopo: "Mawa kukubwera akuluakulu oyendera sitima. Utiphikire ndiwo zaulere, apo ayi usamuke."

Nasibeko anapala mwaye umene sitimayo inkasiya padenga lake. Anauumba naukulunga m'masamba a nthochi, monga amachitira ndi nkhungu, tizilombo touluka tapanyanja timene anthu amadya ngati ndiwo.

"Nkhungu zanu zija, bwana," anatero mawa lake, akuika ndiwozo pamaso pa alendowo. "Zimagwa zokha mukamadutsa. Yambani ndinu."

Kapitawo analuma, nalavula. "Uwu ndi mwaye!"

"Mwaye, bwana? Kodi nyanja nayo yayamba kusonkha moto?"

Alendo onse anatembenuka, maso pa chumuni cha sitima.