Mayi amene anapala maring'i atsopano

Inu amene mumati mkazi sangakuphunzitseni za injini, musachoke. Khalani pomwepo mumve mpaka ndimalize, ndipo mukatsala ndi mawu pakamwa mudzanditsutse. Ine sukulu ndinafika Folomu 4, sayansi ndinkawasiya kutali anyamata onse a m'kalasi mwathu, ndiye zimene ndikuuzeni si zakumva m'minibasi ayi.

Panali munthu wina amene pomwalira anasiyira ana ake aamuna awiri galimoto ziwiri zofanana, zakale, zonyamulira anthu. Wamkulu anatenga yake. Wamng'ono anatenga yake pamodzi ndi shedi ya m'mbali mwa msewu, mmene munkangokhala matayala akutha.

Chaka china wamkulu anapita ku Joni nabwerako ndi mabotolo awiri a mpweya wotchedwa naitirasi, limodzi napatsa mng'ono wake. Mpweya umenewu ukalowa mu injini pamodzi ndi petulo wowonjezera, moto wam'kati umakula, galimoto n'kuthamanga ngati yaona mzukwa. Abale awiriwa anapangana kuti Loweruka lakumapeto kwa mwezi akapikisane pa bwalo lakale la ndege la ku esiteti, kumene eni galimoto ankakayesana liwiro. Koma injini zonse ziwiri zinali zotopa. Zinafunika kuphwasula n'kumanganso.

Wamkulu anapita kwa makaniko wotchuka wa m'tauni. Wamng'ono, poti thumba lake linali lopepuka, anapita kwa mayi wina amene ankakonza galimoto pansi pa mtengo wa mthethe, mvula ikagwa ntchito n'kuima. Onse awiri anagula zofanana: maring'i atsopano, mabering'i ndi gasiketi. Mapisitoni anasiya akale omwewo, chifukwa olimba a mpikisano mtengo wake unkaposa galimoto yeniyeniyo.

Tsono ring'i ndi kachitsulo kozungulira pisitoni, koduka pamalo amodzi, ndipo podukapo pamatsala kampata. Makaniko wotchuka uja ankanyadira kuti injini zake n'zothina, kampata kochepetsetsa, utsi osaoneka n'pang'ono pomwe. Pa galimoto yongonyamula anthu umenewo ndi umisiri ndithu, sindikana. Anamanga injini ya wamkulu monga ankamangira masiku onse.

Mayi uja analowetsa ring'i yoyamba mu silinda, dzenje limene pisitoni imayendamo, nayeza kampata kaja ndi timalata toyezera. Anaitulutsa. Anatenga tupa, nayamba kupala nsonga zake.

Mwini galimoto anadzambatuka pa tayala pamene anakhala.

"Mayi! Maring'i atsopanotu amenewo! Ndagulitsira mbuzi ziwiri ine!"

"Ndikudziwa, achimwene. Khalani pansi."

Makaniko wotchuka, amene anabwera dala kudzaona ntchito ya pansi pa mtengo, anaseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Asisi, tupa timanolera nkhwangwa. Anzanu timatseka mpata, inu mukukulitsa? Injiniyi izidzapuma ngati wodwala mphumu."

Mayi uja sanamuyang'ane n'komwe. Anauza mwini galimoto kuti, "Chitsulo chikatentha chimafutukuka. Moto wa botolo lanulo si moto wa masiku onse. Nsonga ziwirizi zikakumana n'kusowa kolowera, ring'i imaluma silinda, mutu wa pisitoni n'kubenthuka."

Koma wamng'onoyo anali atayamba kale kutolera maring'i otsalawo kuti apite nawo kwina. Pamenepo mayi uja anakoka bokosi lake la zitsulo naliika pakati pawo.

"Bokosi ili ndalisonkhanitsa zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndi limene likudyetsa ana anga. Injini yanu ikakafa Loweruka, bokosi ndi lanu, ine ndisiye ntchito. Ikakabwerako yokha, Lolemba n'kunyamula anthu, shedi yanu ya matayala ija ndi yanga."

Munthuyo anayang'ana masipanala aja, anaona kuti angamugulire injini ina. Anavomera. Makaniko wotchuka anati mboni ndi iye, nayamba kufunsa mtengo wa jeke ya mayiyo.

Mayi uja anapala maring'i asanu ndi atatu. Akapala katatu, ayeze. Apalenso kawiri, ayezenso. Chimene wapala sichibwerera, choncho sanafulumire. Ntchito imene ena amaimaliza asanamwe tiyi inamutengera tsiku lathunthu.

Loweruka m'mawa anthu anadzaza m'mbali mwa bwalo. Mayi uja anafika atanyamula bokosi lake, nakhalapo.

Ulendo woyamba wamkulu anapambana. Ulendo wachiwiri anapambananso, ndipo injini ya wamng'ono inkatulutsa kautsi pang'ono. Anthu anayamba kuloza.

"Asisi," anakuwa makaniko wotchuka, "tomato akuyenda malonda kumsika, ndikupezereni benchi?"

Ena amati mayi uja ankanjenjemera. Ndi bodza limenelo. Unali mwezi wa Juni, kunali kamphepo.

Ulendo wachitatu wamkulu, atakomedwa, anagwira batani la botolo nthawi yaitali kuposa kale. Ulendo wachinayi anachitanso chimodzimodzi. Atatsala pang'ono kufika pa mzere, kunamveka kuti phoo! Utsi unakwera, oyilo anayenderera pansi, galimoto inaima. Wamng'ono anadutsa.

Tsiku limenelo wamng'ono anathamanganso kasanu ndi kamodzi ndi anthu ena. Anapambana kawiri kokha, sindikunamizani. Koma dzuwa litapendeka, injini yopuma ngati wa mphumu ija ndi imene inakoka galimoto ya wamkulu pa chingwe mpaka kunyumba. Lolemba m'mawa inali pa siteji, ikukweza anthu.

Ataphwasula injini ya wamkulu anapeza mutu wa pisitoni utabenthuka, silinda itakandika mpaka yosakonzekanso, nsonga za ring'i zikunyezimira pamene zinakanikizana. Makaniko wotchuka anatembenuza pisitoniyo m'manja. Fisi akagwa m'mbuna sayankhula. Injini ya wamng'ono inagwira ntchito zaka zina zitatu. Inkamwako oyilo pang'ono, inde, ndipo botolo ankaligwiritsa ntchito mwa apo ndi apo. Koma inakalamba, sinaphulike.

Tsono inu amakaniko anzanga, ndi inu eni galimoto amene mumafuna mphamvu yambiri pa zitsulo zotsika mtengo, imvani. Onse awiri anali ndi mapisitoni akale. Onse awiri anali ndi botolo lofanana. Wina anamangira injini tsiku lozizira, wina anaimangira tsiku la moto. Musanawonjezere moto pa chinthu chilichonse, yambani mwafunsa kuti chikafutukuka chilowera kuti. Mukafuna kuti dalaivala wanu agwire ntchito ya anthu awiri, mwamusiyira mpata wopumira? Mukadzaza tsiku lanu mpaka pakhosi, mwana akadwala mudzamuika pati? Chothina chimakongola zinthu zikamayenda bwino. Anthu adzakusekani kuti mukutaya mphamvu, ndipo maulendo awiri oyamba mudzaluzadi. Palani basi. Ine ndimapala mpaka lero, ndipo amene sakufuna atenge maring'i ake azipita.

Inde, mayi uja ndine, Nankhoma, amene ndaima pamaso panu. Mukufuna kudziwa chimene ndinapindula? Shedi ino imene mwakhalamoyi, ya malata makumi awiri ndi anayi, mvula ikugwa ife ntchito ili m'kati. Bokosi langa, osachokamo ngakhale sipanala imodzi. Injini ina imene wamkulu uja anadzagula n'kubwera nayo kuno yekha, chipewa chili m'manja. Ndi pisitoni yobenthuka ili pa tebulo apoyo, imene ndimatsindirira mapepala kuti asauluke. Amene akukayikabe adzuke, akaigwire.