Mikanda Yoyera ya Anamwale

M'mudzi wina pafupi ndi Sinda, mtsikana sankalowa m'banja asanadutse m'manja mwa Anamwale. Iwo ndiwo anali mlangizi wamkulu m'Chigwirizano cha amayi pampingo pawo, ndipo phunziro limene ankalikonda linali la mikanda.

"Mkazi wolangidwa sapempha ndi pakamwa," ankatero atakweza chala. "Ukakhala kumwezi, pachika yofiira pamsomali wa kumutu kwa bedi, bambo adziwe kuti njira yatsekeka. Ukayera, pachika yoyera. Mikanda ndiyo ikulankhulire."

M'nyumba mwawo lamuloli linayenda bwino zaka makumi atatu. Amuna awo, a Levison Sakala, mphunzitsi wopuma pantchito komanso mkulu wa mpingo, sanaliphwanyepo ndi tsiku limodzi lomwe. Koma Anamwale atadutsa zaka makumi asanu, thupi linayamba kusewera nawo. Mwezi unkabwera ngati minibasi za ku Chipata: lero ziwiri zotsatana, mawa msewu uli zii. Atatopa ndi kusinthasintha, anangosiya yofiira pamsomalipo chaka chathunthu. A Levison anamvetsa, nazolowera kugona m'mphepete mwa bedi atayang'ana kukhoma ngati mwana wolakwa m'kalasi.

Kenako mwezi unatsanzika osabweranso. Thupi linapepuka, mtima unayamba kufuna mwini wake. Anamwale anachotsa yofiira, napachika yoyera, nasamba ndi sopo wonunkhira amene mpongozi wawo anawagulira ku Katete. A Levison? Khoma lomwe lija. Chimanga chinabzalidwa, chinapaliridwa, chinakololedwa, yoyera ili lende pamsomali. Anamwale anayamba kununkhiza malaya a amuna awo akachokera kumsika. Ankangopezamo thukuta la njinga ndi fungo la kapenta.

Tsiku lina akuswa mtedza pakhonde, anaulula kwa Mwaiwathu, mlangizi mnzawo.

"Amnzanga, a Sakala andiiwala. Miyezi isanu ndi iwiri yoyera ili pamsomali."

"Mwawauza?"

"Ine? Ndi pakamwa pomwe pano?"

"Nanga muli ndi pena? Pomwe mumawauzira kuti mbuzi zalowa m'dimba."

"Ndalanga anamwali mudzi wonse uno. Lero ndikachite kupempha ngati mchere?"

"Mchere ukatha timapempha, amnzanga. Ndiwo sizikoma ndi ulemu."

Anamwale sanamve. M'malo motsegula pakamwa, anaganiza zokweza mawu a mikanda: anaichotsa pamsomali n'kuiika papilo pa amuna awo. M'mawa anaipeza itabwezeredwa mosamala pamsomali, mwini pilo akupinda mphasa imene anagonapo pansi.

"Pepani amake Davies," anatero a Levison modzichepetsa. "Ndamva. Sindikuvutitsani."

Kuyambira tsikulo mphasa inakhala bedi lawo. Anamwale zinawakwana. Loweruka lina akusita jekete la kutchalitchi, anakulunga mikanda ija m'kampango kopukutira thukuta n'kulowetsa m'thumba. Anati mumtima: akaipeza panjira ali okha, dzuwa likuswa mtengo, tione ngati adzanamizirenso kusaona.

Koma panjira a Levison sanatuluke thukuta. Linadikira mpaka ataima kutsogolo kwa mpingo kuti apereke zilengezo, zimene masiku amenewo ankangozinena pamtima, pepala ataligwira kutali. Malata ankathetheka ndi kutentha. Anapisa m'thumba, nakutumula kampango kaja. Mikanda inauluka n'kukagwa kuti tswee patsogolo penipeni pa benchi ya amayi a Chigwirizano, theka la iwo ophunzitsidwa ndi Anamwale omwe.

Mayi wina anaika chitenje pakamwa, mapewa akugwedezeka. Mwaiwathu anadzuka, natola mikanda, nagwada mwaulemu wonse.

"Akulu a mpingo, katundu wanu uyu. Yoyeratu. Zilengezo zisatalike."

A Levison anailandira, naikweza kuwindo, naibweretsa mpaka pamphuno. Anaiwala kuti ali pamaso pa anthu.

"Yoyera? Kuyambira liti?"

Phwete linayambira kwa amayi, linawolokera kwa abambo, ndipo abusa anagwidwa ndi chifuwa chimene chinawakakamiza kubisa nkhope m'buku la nyimbo. Anamwale analakalaka atasanduka nyerere n'kulowa m'mng'alu wa simenti.

Pobwerera, a Levison ankakankha njinga, Anamwale ali kutsogolo, khosi lili gwa. Atadutsa pamjigo, pomwe panalibenso makutu a anthu, bambowo anatsokomola.

"Amake Davies, maso angawa anachita nkhungu chaka chatha. M'chipinda muja sindiona mtundu wa chinthu. Ndimangopapasa pamsomali, ndikakhudza mikanda ndimati ikadali ija. Mutaiika papilo ndinati basi, chenjezo lakula."

Anamwale anaima.

"Nanga osanena?"

"Mphunzitsi anene kuti saona? Nanga inuyo osanena?"

"Mlangizi anene kuti..." Anamwale anayang'ana nkhope ya mwamuna amene anakhala naye zaka zonsezi, naona kwa nthawi yoyamba kamtambo koyera m'maso onse awiri. Iwo ankafufuza mkazi wina m'malaya, pamene wolanda amuna awo anali m'zikope. Anawasansa fumbi paphewa, ngakhale panalibe fumbi.

"Abambo ake Davies, mphasa ija ndikufuna kuyanikapo ufa. Mubwerere pabedi." Kenako anatsitsa mawu. "Ndakusowani."

A Levison anayang'ana dzuwa, limene linali lisanapendeke n'komwe, nakwera njinga ngati mnyamata.

"Khalani kumbuyoku. Inu muziona maenje, ine ndizipalasa."

Sabata yotsatira Anamwale anawaperekeza kuchipatala ku Katete kukaonetsa maso. Kutchalitchi anthu sanaiwale: mpaka lero mkulu wa mpingo akapisa m'thumba, amayi a kubenchi yakutsogolo amayamba kugwirana. Mikanda Anamwale amaiphunzitsabe, koma akamaliza amatsitsa chala chija n'kumuyang'ana namwali m'maso.

"Yofiira ndi yoyera m'manja zimamveka chimodzimodzi, mwanawe. Ukafuna mwamuna wako, muuze. Usadikire kuti mnzako alote zimene zikukupweteka iwe. Akuluakulu anati, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."