Khadi Limene Linabwerera Losatsegula

Panali munthu wina ku Ntcheu, mphunzitsi wa Chingerezi wopuma ntchito, amene m'mwezi wa Ogasiti anatumiza khadi la ukwati kwa mlamu wake. Patatha masiku anayi khadilo linabwerera, envelopu yake ili yosatsegula.

Mlamuyo anali Nangozo, mkazi wamasiye wa mng'ono wake. Wokwatiwa anali Sigele, mwana wamkazi wa mphunzitsiyo. Sigele ali wamng'ono mayi ake anadwala zaka ziwiri, ndipo amene anamulera nthawi yonseyo anali Nangozo. Ndiye anamuphunzitsa kupeta. Ndiyenso anamulangiza atatha msinkhu.

Koma pakati pa mphunzitsiyo ndi mlamu wake panali chilonda. Tsiku loika maliro a mng'ono wake, mphunzitsiyo anauza Nangozo pamaso pa anthu kuti, "Mukanathamangira naye kuchipatala, bwenzi lero tili naye." Aliyense ankadziwa kuti mayiyo anagona pansi, pambali pa bedi la wodwalayo, milungu itatu. Kuyambira tsikulo panapita zaka zitatu osapondana pakhomo.

Mphunzitsiyu sanali wankhanza. Chinalankhula pamaliro paja chinali chisoni, ndipo iye mwini anadziwa kuti analakwa dzuwa lisanalowe. Chomwe chinamuvuta chinali poyambira. Anali munthu wa cholembera. Pakamwa mawu ankamulemera.

Ukwati utayandikira, anaona ngati mpata wapezeka. Mawu a pakhadi anasankha yekha, ndipo pakati pawo panali mawu akuti "cordially", amene anawaphunzitsa m'kalasi zaka makumi atatu. Ankauza ana kuti muzu wake ndi mawu a Chilatini otanthauza mtima. Ankawauzanso kuti kale madokotala a ku Ulaya ankatchula ndi dzina lomwelo mankhwala otsitsimutsa mtima wa wodwala, ndipo pambuyo pake anthu anayamba kunena choncho za moni ndi kulandirana kochokera pansi pa mtima. Masiku ano amalembedwa pa makhadi ndi m'makalata, ngakhale pakati pa anthu osakondana. Zonsezi ankazidziwa bwino. Choncho pa khadi la Nangozo anatenga cholembera chofiira, chomwe ankachongera mayeso, n'kudula mizere iwiri pansi pa mawuwo. Anamata envelopu, n'kupatsira kondakitala wa minibasi.

Khadi litabwerera, anakhala nalo pakhonde, akulitembenuzatembenuza.

Mkazi wake anati, "Bambo a Sigele, khadi timapatsa anzanu a kutchalitchi ndi aphunzitsi anzanu. Mwini mwana n'kulandira khadi?"

"Akanatsegula akanaona," iye anayankha. "Mawu amene ndinadula mzere aja amatanthauza kuti ndikuwaitana ndi mtima wonse."

"Ndiye mtima wonsewo munapatsira kondakitala?"

Mayiyo ankanena zoona. Kwathu kuno mbale sauzidwa za ukwati ndi pepala. Umapita wekha, n'kukhala pansi, n'kumuuza kuti mwana wake wapeza banja, chifukwa mwanayo ndi wakedi. Khadi limauza munthu kuti abwere adzakhale pa mpando wa alendo, adye, azipita. Nangozo sanafunikire kutsegula envelopu kuti amve zimenezo. Kukula kwa envelopuyo ndi maluwa a m'mphepete mwake zinamuuza kale.

Sigele sanakangane ndi bambo ake. Anangoti, "Ababa, ngati amayi aang'ono sabwera, ine pamphasa ya chilangizo sindikhalapo. Ukwatiwo udikire." Nthawiyo n'kuti kwatsala milungu itatu.

M'mawa mwake mphunzitsiyo analemba kalata. Inakwana masamba anayi, ndipo munalibe mawu olakwika ngakhale amodzi. Ataiwerenga kawiri anaona kuti nayonso idzafuna envelopu ndi kondakitala. Anaiika m'dirowa pamodzi ndi khadi lija, navala jekete ndi chipewa, n'kunyamuka.

Anatsika minibasi pamphambano, n'kuyenda wapansi ola lathunthu. Anapeza Nangozo ali pansi pa mtengo wa mango, akusenda nandolo. Mayiyo atamuona anadzuka, nalowa m'nyumba, n'kutulutsa mpando. Mphunzitsiyo sanakhalepo. Anavula chipewa, nakhala pansi padothi, jekete ili pathupi.

Analonjerana monga mwa mwambo. Nangozo anamupatsa madzi, iye namwa. Kenako anati:

"Alamu, ndabwera ndi ziwiri. Choyamba, pamaliro paja ndinalankhula zoipa. Mng'ono wanga munamusamala inu kuposa ine. Mundikhululukire. Chachiwiri, mwana wanu Sigele wapeza banja."

Nangozo anapitiriza kusenda nandolo. Makoko ankagwera m'lichero limodzi, nandolo m'linalo. Panapita nthawi yaitali ndithu, moti mphunzitsiyo anayamba kuganiza za ulendo wobwerera ndi zomwe akamuuze mwana wake.

"Zaka zitatu, alamu," mayiyo anatero potsiriza, osakweza maso. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Mwamunayo ngwakuti?"

"Ngwa ku Dedza."

"Nanga ophika mwapeza kale? Musandiuze kuti mpunga mwapatsa achemwali anu aja. Amapsereza."

Mphunzitsiyo anavomera kuti analidi atapatsa achemwali ake. Nangozo anapukusa mutu, namukankhira lichero kuti athandize kusenda.

Poperekeza mlendo wake anafunsa, "Kodi m'khadi muja munalembamo zotani?"

"Zomwe ndanenazi," iye anayankha. "Koma sizinkamveka."

Chilonda cha zaka zitatu sichipola tsiku limodzi, ndipo ichi sichinapole tsiku limodzi. Koma Nangozo anafika kutatsala masiku asanu kuti ukwati uchitike, atanyamula mthiko wake, ndipo Sigele anakhala pamphasa.

Inu amene mukumva fanizoli, mawu aja akuti "cordially" alibe mlandu. Ndi abwino, ndipo amene anayamba kuwagwiritsa ntchito ankanenadi za mtima. Koma makina amatha kuwasindikiza pa makhadi mazana awiri dzuwa lisanafike pamutu, onse ofanana, pamene mapazi anu amapita pakhomo limodzi lokha pa ulendo umodzi. N'chifukwa chake anthu amakhulupirira mapazi. Ngati pali munthu amene mukuona kuti kumulembera n'kosavuta kusiyana ndi kukhala pansi pabwalo pake, ameneyo ndiye woti mumuyendere.

Khadi lija likadali m'dirowa, losatsegula, pamodzi ndi kalata ya masamba anayi. Nangozo amabwera ku Ntcheu nyengo iliyonse ya nandolo, ndipo satumiza uthenga asanabwere.